Ulendo wa ochita bwino wopita ku Machu Picchu

M'mapiri a Andes m'dziko la Peru, ku South America, muli bwinja la mzinda wakale wotchedwa Machu Picchu. Mzindawu uli pamtunda wa mamita 2,430 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo mtsinje wa Urubamba umauzungulira m'munsi mwa phiri. Chaka ndi chaka anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana amakhamukirako, ena atavala nsapato zokwerera phiri, ena atakhala pa mipando ya wofuwofu m'sitima yapamtunda.

Akatswiri a mbiri yakale amati anthu a mtundu wa Inca adamanga mzindawu cha m'ma 1450 muulamuliro wa mfumu Pachacuti, yomwe inkapitako kukapuma. Amisiri awo ankasema miyala mwaluso n'kuilumikiza popanda matope kapena simenti, ndipo makoma ambiri adakalipo ngakhale kuti dera limeneli kumachitika zivomezi kawirikawiri. M'mbali mwa phiri adakonza minda yokhala ngati masitepe momwe ankalima chimanga. Mbatata ya kachewere yomwe timagula pamsika idachokeranso m'mapiri omwewa a Andes.

Asipanishi atagwira mfumu Atahualpa mu 1532, ufumu wa Inca udagwa, mzindawo udasiyidwa ndipo tchire lidauphimba. Alimi a m'deralo ankaudziwabe. Pa 24 July 1911 m'modzi mwa iwo, Melchor Arteaga, adatsogolera Hiram Bingham, mphunzitsi wa ku yunivesite ya Yale ku America, kukafika pamalopo, ndipo dziko lonse lidamva za bwinjali. Bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1983, ndipo mu 2007 adasankhidwa kukhala m'gulu la zodabwitsa zisanu ndi ziwiri zatsopano za padziko lapansi.

Ulendo umayambira mumzinda wa Cusco, likulu lakale la a Inca, lomwe lili pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400. Uku ndi kumwamba kuposa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, yomwe ndi mamita 3,002. Mpweya ndi wochepa, kotero alendo ambiri amadwala mutu ndi kupuma mobanika. M'mahotela amawalandira ndi tiyi wa masamba a coca, ndipo ena mwa mahotela odula amapopera mpweya wa okosijeni m'zipinda zogona.

Kwa munthu wa thumba lolemera kuli sitima yotchedwa Hiram Bingham, yomwe idayamba kuyenda mu 2003 ndipo ili m'manja mwa kampani ya Belmond. Mabogi ake ndi a buluu, m'kati mwake muli matabwa onyezimira, matebulo oyalidwa nsalu zoyera, vinyo ndi oimba. Sitimayi imatenga maola oposa atatu kutsata mtsinje wa Urubamba mpaka m'tauni ya Aguas Calientes, ndipo tikiti yake ndi ya madola mazanamazana. Kuchoka apo basi imakwera msewu wokhotakhota kwa mphindi pafupifupi 30. Pachipata penipeni pali Sanctuary Lodge, hotela yokhayo yoyandikana ndi bwinjali, momwe ogona amadzuka n'kulowa ena adakali m'njira.

Ena amasankha kuyenda pansi masiku anayi m'njira yakale ya a Inca, mtunda wa makilomita pafupifupi 43, kudutsa pampata wina wa mamita oposa 4,200. Makampani odula amapereka ophika, matenti aakulu, mabedi opinda ngakhale chimbudzi chonyamula. Zonsezi zimayenda pamsana pa anthu. Onyamula katunduwa ambiri ndi alimi olankhula chinenero cha Quechua, mbadwa za dera lomweli. Amanyamuka m'mawa, kupitirira alendo m'njira, n'kukafika msanga kuti akhome matenti ndi kusonkha moto.

Kale anthuwa ankasenzetsedwa katundu wopyola muyeso pa malipiro ochepa. Mu 2001 boma la Peru lidakhazikitsa lamulo loteteza onyamula katundu, lomwe lidaika malire a makilogalamu 20 pa katundu wa munthu mmodzi. Masiku ano anthu 500 okha ndiwo amaloledwa kuyamba njirayi patsiku, ndipo oposa theka mwa iwo ndi antchito. Mwezi wa February njirayi imatsekedwa kuti ikonzedwe.

Bwinja lenilenilo nalo lili pa chiopsezo. Mapazi a anthu masauzande tsiku lililonse amaperepesa miyala, n'chifukwa chake boma limagulitsa matikiti owerengeka, okhala ndi nthawi yolowera komanso njira yoti mlendo atsate. Mu 2024 malire adaikidwa pa anthu 4,500 patsiku, kufika 5,600 m'nyengo ya alendo ambiri. Koma tauni ya Aguas Calientes imadalira alendo omwewo. Mu January 2024 anthu a kumeneko adatseka njanji pokwiya ndi ganizo lopereka ntchito yogulitsa matikiti kwa kampani ina, ndipo alendo adasowa mtengo wogwira, poti kulibe msewu wa galimoto wofika m'tauniyi.

Nkhondo yolimbirana chuma cha Machu Picchu idayamba kalekale. Bingham adatenga mafupa, mbiya ndi zipangizo zina n'kupita nazo ku Yale, ndipo Peru idadandaula kwa zaka zambiri mpaka mbali ziwirizi zidagwirizana mu 2010. Katunduyo adabwezedwa pakati pa 2011 ndi 2012, ndipo wina akuonetsedwa m'nyumba yosungira zakale ya Casa Concha ku Cusco.

Pano mkangano uli pa bwalo la ndege lomwe likumangidwa ku Chinchero, pakati pa Cusco ndi Machu Picchu. Boma likuti lidzabweretsa alendo ndi ntchito zambiri, pomwe akatswiri a zakale akuopa kuti lidzaononga chigwa chomwe alendowo amabwera kudzaona.