ZIPATA ZIMENE ZIYENDETSA KOMPYUTA

Makolo ambiri a m'midzi amagulitsa cimanga ndi nshawa kuti mwana akaphunzire za makompyuta pa Yunivesite ya Zambia mu Lusaka kapena pa Copperbelt University ku Kitwe. Koma sukulu ikatsekera, m'makope a mwanayo mumangooneka 0 ndi 1. Kodi ndalama zija zinathera pa masamu a Giredi 1? Iai, pamenepo ndiye pagona phunziro lonse.

Kompyuta, ngakhalenso lamya ya m'manja imene anthu alandirirapo ndalama, iribe nzeru ya umunthu. Idziwa zinthu ziwiri cabe: magetsi alipo kapena palibe. Akakhalapo ophunzira amalemba 1, akasowa amalemba 0. Magetsiwo amadutsa pa tizipata tating'ono kwambiri, timene m'Cingelezi amati logic gates.

Mlimi wa dimba sangavutike kumva nkhaniyi. Tinene kuti ngalande imodzi yatsekedwa pawiri, kumtunda ndi kumunsi. Madzi safika ku kabici pokhapokha ponse pawiri patatsegulidwa. Cipata cotere ca magetsi dzina lace ndi AND. Tsono ngalande zikhale ziwiri zolowa m'dimba lomwelo. Kutsegula imodzi yokha nkokwanira, ndipo ici ndico cipata ca OR. Cacitatu, NOT, ndi cokana: cikalandira 1 cimatulutsa 0, cikalandira 0 cimatulutsa 1.

Nanga zipata zingawerenge bwanji? Mwana wa sukulu akaphatikiza 5 ndi 5 amalemba 0 nasunga 1, cifukwa palibe cizindikiro cimodzi copambana 9. Kwa kompyuta malire ndi 1, motero ikaphatikiza 1 ndi 1 nayonso imalemba 0 nisunga 1. Cimene cisunga 1 ameneyu ndi cipata ca AND, popeza iye amaoneka pokhapo manambala onse awiri ali 1. Zipata zikalumikizidwa zambiri zimaphatikiza manambala akulu, monga ndalama za feteleza. Wophunzira amene athamangira phunziro ili mwaulesi amadzakhala wodziwa kudina makina cabe, osadziwa cimene cicitika m'kati mwace.

Nzeru imeneyi inayamba kompyuta isanakhaleko. George Boole, mwana wa munthu wosoka nsapato wa ku Lincoln m'dziko la England, anafalitsa buku m'caka ca 1854 losonyeza kuti "inde" ndi "iai" angathe kuwerengedwa monga masamu. Panapita zaka zoposa 80 nzeruyo isanalowe kwenikweni m'makina. Mu 1937 mnyamata wa ku America, Claude Shannon, anaonetsa kuti maswici a magetsi, monga aja a makina olumikiza lamya, angathe kutsata malamulo a Boole.

Maswici a nthawi imeneyo anali acitsulo, ocita phokoso potseka ndi potsegula. Mu 1947 akatswiri a Bell Labs anapanga transistor, swici yosagwedezeka. Lero m'kacidutswa kolingana ndi cikhadabo, kamene kali m'lamya zamakono, mumakhala ma transistor mabiliyoni angapo.