Citsulo ca ku Nkana ndi Ng'ombe za ku Chipata

Kuyambira masiku amene Chipata anali kuchedwa Fort Jameson, amuna ambiri a kumeneko akhala akupita kukagwira nchito ku migodi. Amene anagwirako ku Nkana adziwa kuti m'miyala ya kopa mupezekanso citsulo cina, dzina lace kobalti. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti citsulo comweco ciri m'thupi la munthu ali yense, ndi kuti popanda ico mwazi umacepa.

Kobalti akhala pakati pa vitamini B12 monga nthanga m'kati mwa cipatso. Vitamini ameneyu athandiza thupi kupanga mwazi ndi kusunga mitsempha. Codabwitsa ncakuti udzu, mtengo, nyama ngakhale munthu sangathe kumpanga. Ompanga ndiwo mabakiteriya ndi tizirombo tina tonga iwo, tosaoneka ndi maso.

Kacirombo kayamba ndi kumanga mkombero wa tizidutswa tinai, wofanana ndi umene ugwira citsulo cofiiritsa mwazi. Tsono kaonjeza apa, kadula apo, nikafupikitsa mkomberowo kufikira kobalti akwana bwino pakati pace. Nchito zimenezi zitsatana pafupifupi 30, ndipo iri yonse iri ndi cipangizo cace-cace. Tizirombo tokhala kopanda mpweya tilowetsa kobalti poyambirira, pamene tina timlowetsa cakumapeto. Akatswiri awiri, Woodward wa ku Harvard ndi Eschenmoser wa ku Zurich, anayesa kupanga vitaminiyu popanda tizirombo. Anatha m'caka ca 1972, atabvutika zaka zoposa khumi ndi owathandiza pafupifupi 100. Ncifukwa cace mafakitale a mankhwala amangoweta tiziromboto m'matanki akulu.

Ng'ombe za Angoni a kwa Mpezeni ziri nayo fakitale yotere m'cifu mwao. Ng'ombe idya udzu, udzuwo uli ndi kobalti pang'ono wocokera m'nthaka, ndipo tizirombo ta m'cifu timsandutsa vitamini amene alowa m'ciwindi, m'nyama ndi mumkaka. Nthaka ikasowa kobalti, ziweto ziwonda ngakhale msipu uli wobiriwira. Izi zinaoneka pa nkhosa za ku Australia, ndipo m'caka ca 1935 kunadziwika kuti mankhwala ace ndi kobalti wocepa zedi.

Munthu nayenso ali nato tizirombo totere, koma tikhala m'matumbo akulu, kunsi kwa malo amene thupi limamwera vitaminiyu. Cotero zimene tipanga zingotayika. Munthu ayenera kumpeza m'cakudya. Wamkulu asowa mamaikrogramu 2.4 okha pa tsiku, kanthu kosaoneka ndi maso komwe. Komabe nsima, nyemba, nshawa ndi ndiwo zamasamba ziribe vitamini ameneyu. Ali m'ciwindi, m'mazira, mumkaka, m'kapenta ndi m'nyama, ngakhale mbewa zimene anthu a kumigodi amaseka nazo anzao a kum'mawa.

Ciwindi ca munthu cisunga vitaminiyu zaka zingapo, motero kusowa kwace kubwera mwakacetecete: kufooka, dzanzi m'mapazi ndi m'manja, lilime lowawa, kuiwala-iwala. Ena, makamaka okalamba, adya bwino koma mimba yao ilephera kumlandira. Kale nthenda imeneyo inali kupha, kufikira m'caka ca 1926 pamene madokotala Minot ndi Murphy a ku Boston anaciritsa odwala powadyetsa ciwindi cambiri tsiku ndi tsiku. Vitamini mwini wace anapatulidwa m'caka ca 1948, ali timiyala tofiira, ndipo lero odwala otere alandira nyereti kucipatala.