Chenjezo la m'mabuku

Chenjezo la m'mabuku ndi mawu achidule amene osindikiza amalemba pachikuto kapena patsamba loyamba, odziwitsa wowerenga kuti m'bukumo muli nkhani zimene zingamupweteke mtima. Nkhanizi ndi monga za nkhondo, kugwiriridwa, kudzipha, tsankho ndi zogonana. Chenjezo limasiyana ndi kuletsa buku, chifukwa bukulo limagulitsidwabe ndipo wowerenga amasankha yekha.

Njira zimene osindikiza amatsata

Ena amalemba chiganizo chimodzi chotchula nkhani zovutazo. Ena amaonetsa msinkhu wa owerenga oyenera. Pa mabuku akale, ena amawonjezera mawu oyamba ofotokoza nthawi imene bukulo linalembedwa. Njira imene imabutsa mkangano kwambiri ndi yosintha mawu a mlembi. Mu 2023 kampani ya Puffin ku Britain inasintha mawu ena m'mabuku a ana a Roald Dahl. Anthu atadandaula, inalengeza kuti mabuku osasinthidwa azipezekanso.

Mbiri yake ku Malawi

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, boma ndi limene linkasankhira anthu zowerenga. Lamulo la 1968 la Censorship and Control of Entertainments Act linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, lokhala ndi mphamvu zoziletsa. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, linasindikizidwa ku London mu 1981, ndipo mu 1985 linachotsedwa m'masitolo, m'malaibulale ndi m'sukulu. Mapanje anamangidwa mu 1987 ndi kusungidwa kundende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka 1991. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anapereka ufulu wolankhula ndi wofalitsa nkhani, choncho udindo wambiri unagwera osindikiza, aphunzitsi ndi makolo. Mabuku a sukulu amaunikidwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo nkhani za kutha msinkhu ndi Edzi zimaikidwa m'phunziro la Life Skills molingana ndi kalasi.

Kufunika kwake

Buku limodzi silikhudza anthu onse mofanana. Boma la Nsanje, kumene kuli dera la Mfumu Ndamera kumalire ndi Mozambique, linalandira anthu ambiri othawa nkhondo ya m'dzikolo imene inatha mu 1992, ndipo lavutika ndi madzi osefukira monga a namondwe Freddy mu 2023. Kwa wophunzira amene anataya abale pa ngozi zoterezi, nkhani ya imfa si nthano chabe. Palinso nkhani za kuchinamwali ndi miyambo ngati kulowa kufa, zimene akuluakulu sazikamba pamaso pa ana.

Mkangano

Ochirikiza chenjezo amati limapatsa mphunzitsi ndi kholo mpata wokonzekeretsa mwana. Otsutsa amati limaulula nkhani isanawerengedwe, ndiponso lingachititse sukulu kupewa mabuku ofunika. Ena amaopa kuti likhoza kukhala njira ina yoletsera mabuku mwakachetechete.