Laŵi la Buluu: Za Chitofu cha Gasi ndi Uvuni Wake

M'dera la Mfumu Yaikulu Kaomba, m'boma la Kasungu, nkhuni zinasanduka chinthu chogula ndi ndalama. Minda ya fodya inaloŵa m'malo mwa nkhalango, ndipo mabalani oŵambiramo fodya anadya mitengo kwa zaka zambiri. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malaŵi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo utsi wa nkhunizo ndiwo umafiiritsa maso a amayi ndi kuthandizira chibayo mwa mwana amene ali kumbuyo. Ndondomeko ya boma ya za makala ya 2017 mpaka 2027 imatchula gasi monga njira imodzi yopulumutsira mitengo, ndipo mabanja ena ayamba kugula zitofu za gasi. Ambiri amaziwopa koposa muyeso. Ena saziwopa konse. Onseŵa afunika kudziŵa chimene chimachitika m'kati mwa chitofucho.

Munthu akagwedeza pang'ono silinda ya gasi amamva ngati muli madzi. Ndi zoona, pakuti gasiyu, amene ndi msanganizo wa propane ndi butane, amapanikizidwa kufikira atasanduka wamadzimadzi. Akatuluka amafufuma: lita imodzi imapereka malita pafupifupi 250 a gasi wouluka. Pa chifukwa ichi odzaza gasi amasiya gawo limodzi mwa magawo asanu lopanda kanthu, kuti kukatentha, monga kumachitira mu Okutobala, gasi apeze malo ofufumira. Silinda iyenera kuima chilili nthaŵi zonse, pamthunzi ndi kutali ndi moto. Ikagonekedwa, m'paipi mumaloŵa gasi wamadzi uja, ndipo moto umabuka waukulu wosaugwira.

Pakamwa pa silinda pamakhala regyuleta, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi kuti azituluka pang'onopang'ono ndi mofanana. Kuchokera apo gasi amayenda m'paipi ya labala kukafika pa batani lotsegulira, kenaka pa kabowo kakang'ono ngati kobooledwa ndi singano. Nzeru yonse ya chitofu yagona pa kabowo aka. Gasi akamapyola malo opapatiza chotere amathamanga kwambiri, ndipo pothamangapo amakoka mpweya wa m'nyumba kudzera m'mipata imene inasiyidwa dala m'mbali. Ziŵirizi zimasanganikirana m'kapaipi kachitsulo zisanafike pa mbale ya mabowo pamene moto umayakira. Njira imeneyi inatchuka ndi katswiri wa ku Germany, Robert Bunsen, cha m'ma 1855, ndipo sinasinthe kwenikweni kufikira lero.

Tsono chitofu chimadziulula chokha ngati chili bwino kapena ayi. Gasi akapeza mpweya wokwanira amapsa yense, ndipo laŵi limakhala la buluu, lalifupi ndi lokhazikika, losadetsa poto. Mpweya ukachepa, laŵi limatalika, limasanduka lachikasu, limayendayenda ndi kusiya mwaye kunsi kwa poto. Ena amalikonda laŵi lachikasuli poganiza kuti ndilo moto weniweni, popeza likufanana ndi la nkhuni. Kumeneko ndi kulakwa: laŵi lotere limatentha pang'ono, limamaliza gasi msanga, ndiponso limatulutsa mpweya wa poizoni. Kaŵirikaŵiri chochititsa chimakhala chaching'ono, monga phala kapena nsima yosefukira imene inauma m'mabowo, mphemvu zakufa, kapena ukonde wa kangaude m'kapaipi kaja. Mayi ayenera kudikira chitofu chizizire, achotse mbaleyo, aitsuke ndi kuiumitsa bwino asanaibwezere. Kabowo ka gasi sayenera kukakuza ndi msomali kapena waya.

Uvuni umatsata nzeru yomweyo, kungoti moto wake uli pansi, m'kati mwa bokosi lotsekeka. Mpweya wotentha umakwera, nuzungulira chakudya, nutulukira pa mpata wa kumbuyo kapena pamwamba. Ndicho chifukwa masikono a pa shelefu ya pamwamba amafiira msanga kuposa a pansi. Mlimi wa ku Kasungu amadziŵa kuti balani losoŵa poloŵera ndi potulukira mpweya silichiza fodya bwino. Uvuni nawonso suyenera kutsekedwa mpata wake ndi nsalu kapena mbale. Kutentha kumayang'aniridwa ndi kachubu kokhala ndi mankhwala amene amafufuma akatenthedwa: uvuni ukafika pa mlingo umene wophika anasankha, mankhwalawo amakankha chotsekera ndipo moto umachepa, ukayamba kuzizira, moto umakulanso. Mauvuni ambiri a makono alinso ndi kachitsulo kogundana ndi laŵi, kamene kakatentha kamalola gasi kupitirira, koma moto ukazima kamazizira ndi kutseka gasi. Ndiko kamachititsa kuti poyatsa, batani lifunike kulikanikiza kwa kamphindi. Si chitofu chilichonse chili ndi kachitsulo aka, ndipo wogula achita bwino kufunsa.

Ngozi zambiri za uvuni zimachitika poyatsa. Chitseko chiyenera kukhala chotsegula, machesi ayambe kuyaka, gasi atsegulidwe pambuyo. Moto ukakana, wophika atseke batani, asiye chitseko chotsegula kwa mphindi zingapo, ndipo ayeserenso. Woyatsa machesi m'bokosi limene ladzala kale gasi amapsa nkhope ndi manja.

Gasi mwa iye yekha alibe fungo. Fungo loipa lija, longa la mazira oola, amathiramo dala opanga kuti mphuno ichenjeze mwini nyumba. Gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, motero akadontha samakwera kudenga monga utsi, koma amayenderera pansi ngati madzi nakhala m'ngodya ndi m'maenje, komwe ana amakwaŵa ndi kugona. Fungo likamveka, munthu atseke pa silinda, atsegule zitseko ndi mazenera, atulutse ana, ndipo asayatse machesi, fodya, ngakhale kukhudza switchi ya magetsi. Pofuna kupeza podontha, apake thovu la sopo pa regyuleta ndi polumikizira paipi. Pamene thovu likufufuma ndi pomwepo. Paipi yong'aluka ndi yofunika kugula ina, kuimanga ndi mphira ya njinga ayi.

Mdani wina alibe fungo ngakhale mtundu. Dzina lake ndi carbon monoxide, mpweya wochokera ku laŵi lachikasu ndiponso ku mbaula ya makala. Umagwirana ndi magazi mwamphamvu koposa okosijeni kokwana ka 200, kotero thupi limabanika ngakhale munthu akupuma. Mu Juni ndi Julayi, pamene kuzizira kwa ku Kasungu kumatseketsa mazenera, ena amayatsa uvuni kuti awothe. Mchitidwe umenewu ungathe kupha banja lonse lili m'tulo. Ngakhale laŵi la buluu limatulutsa mpweya wina umene umavutitsa ana a mphumu, choncho zenera likhale lotsegula nthaŵi yonse yophika. Zizindikiro za poizoniyu ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo ambiri amaziyesa malungo. Anthu angapo a nyumba imodzi akadwala chotere nthaŵi imodzi, napeza bwino akatuluka panja, onse atulutsidwe msanga, moto uzimitsidwe, ndipo apite nawo ku chipatala chapafupi, akafotokozere adokotala kuti m'nyumbamo munali kuyaka gasi kapena makala.