Nthaka ikagwedezeka kuchilendo, mtima ugwire pati?

Amalawi ambiri amene akuthyola maapulo ndi mapeyala m'mafamu a ku Ceres, kapena mphesa ku Tulbagh ndi Wolseley, sadziwa kuti dera lokongolali ndi lomwe linaona chivomerezi chowononga kwambiri m'mbiri ya South Africa.

Linali Lolemba, pa 29 September 1969, nthawi itangopitirira 10 koloko usiku. Anthu ambiri anali atagona. Nthaka inagwedezeka ndi mphamvu ya 6.3, makoma n'kung'ambika, madenga n'kugwa. Miyala ikuluikulu inagubuduka m'mapiri, ndipo pogundanagundana inathetheka moto womwe unayatsa tchire. Anthu angapo anafa, ndipo mabanja ochuluka anakhala m'matenti chifukwa nyumba zawo zinali zosagonekanso. Nthaka siinakhazikike msanga: pa 14 April 1970 kunabweranso china cha mphamvu ya 5.7.

Nyumba zopemphereramo nazo sizinapulumuke. Mumsewu wa Church Street ku Tulbagh, momwe muli tchalitchi chakale cha Oude Kerk chomangidwa mu 1743, nyumba zambiri zinawonongeka. Anazikonzanso monga zinalili kale, ndipo lero m'tauniyi muli malo osungirako mbiri ya chivomerezichi. Amene muli pafupi, tsiku lina lopuma mukawaonetse ana.

Kuchilendo mantha amachuluka

Chivomerezi si chachilendo kwa ife. Kumudzi tikukumbukira cha ku Salima mu 1989 ndi cha ku Karonga mu December 2009. Kuno ku Joni, cha ku Orkney pa 5 August 2014 chinafika 5.5 ndipo chinapha munthu mmodzi. Chimayamba miyala ya pansi penipeni ikasuntha mwadzidzidzi pamng'alu wake, osati chifukwa cha ufiti kapena tsoka la munthu.

Koma kumudzi nyumba ikagwa, pali achimwene, amalume, ngakhale amfumu. Kuno nyumba ndi ya bwana wa famu, ndipo ikawonongeka, ntchito ndi pogona zimatha kupita tsiku limodzi. Wina mapepala ake sanalongosoke, ndiye amaopa ngakhale kupita kuchipatala. Kumudzi nako akudikira ndalama ya fizi ndi feteleza. N'chifukwa chake funso limene limabwera usiku wotere ndi lakuti: kodi Mulungu wandiiwala, kapena akundilanga?

Zimene Baibulo limanena

Pa Luka 13, Yesu anakumbutsa za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anakana kuti anthuwo anali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Choncho amene nyumba yamugwera asadziweruze, ndipo anzake asamuloze chala.

Pa 1 Mafumu 19, Eliya anali wothawa, kutali ndi kwawo, atatopa ndi moyo. Kunadutsa mphepo, chivomerezi ndi moto, koma Mulungu anamufikira pambuyo pake, m'kamawu kachete. Ambiri amene anaonapo ngozi amadziwa zimenezi: chitonthozo chimabwera phokoso litatha, mnzako atakufunditsa bulangete n'kupemphera nawe.

Pa Machitidwe 16, Paulo ndi Sila anali m'ndende ku Filipi, m'dziko la eni, chivomerezi chitatsegula zitseko pakati pa usiku. Sanathawe. Anayamba aletsa woyang'anira ndende kuti asadziphe, ndipo usiku womwewo iye anawatsuka mabala n'kuwapatsa chakudya kunyumba kwake. Salimo 46 nalo, lomwe limatchula mapiri kugwedezeka, ndi labwino kuwerengera ana amene akuopa kugona.

Pemphero liyende ndi kukonzeka

Kukhulupirira Mulungu si kukhala manja lende. Nthaka ikayamba kugwedezeka, gwadani, lowani pansi pa tebulo lolimba, phimbani mutu, gwiritsitsani mpaka ileke. Musathamangire pakhomo, poti njerwa ndi magalasi zimagwera pomwepo. Mukakhala m'munda, talikirani makoma, mitengo ndi mawaya a magetsi. Ikaleka, zimitsani gasi, palafini ndi makandulo, kenaka tulukani, ndipo musabwerere m'nyumba yong'ambika chifukwa kumabweranso zivomerezi zina.

Pasipoti, pemiti, makadi a ana a kuchipatala ndi tochi zikhale m'chikwama chimodzi pafupi ndi pogona. Pafoni yam'manja, nambala ya ngozi ndi 112.

Mipingo yathu, kaya imakumana m'holo, m'galaja kapena pansi pa mtengo, ikhale ndi mndandanda wa mabanja ndi mafamu amene akukhala. Tsiku la mavuto, akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano adziwe woti amufunefune, kuphatikizapo mlendo wobwera dzulo amene sanalowe mpingo uliwonse. Paja mutu umodzi susenza denga. Mndandandawo mulembe Lamulungu likubwerali, nthaka ikadali phee.