Kuumitsa galimoto ndi mphepo kumateteza utoto ndi ntchito yomwe

Aliyense woyenda pa msewu wa M2, wochokera ku Limbe kupita ku boma la Thyolo, amadziwa kuti pa Bvumbwe galimoto sizitha: maminibasi, malole odzanyamula ndiwo zamasamba pamsika, ndi galimoto za ku minda ya tiyi. Kutsuka galimotozi ndi ntchito imene ikudyetsa achinyamata athu. Komabe eni galimoto amadandaula kuti ikauma, pa utoto ndi pa magalasi pamatsala timadontho totuwa ngati phulusa. Kasitomala akaona zotere, mawa amakatsukitsa kwina.

Timadonthoti sitichokera ku ulesi wa wotsuka ayi. Madzi a pamjigo ndi pachitsime amakhala ndi michere yosungunuka, makamaka kasiyamu ndi maginiziyamu, yomweyo imene imakakamira m'kati mwa ketulo. Madzi akauma okha, michereyo imatsala pagalimoto. Ikakhalitsa padzuwa imadya utoto wa pamwamba, ndipo kuichotsa kumafuna kupolisha, kumene kumadya ndalama. Choncho madzi ayenera kuchotsedwa asanaume.

Ambiri amapukuta ndi nsanza. Vuto lake ndi lakuti nsanza imatola fumbi la katondo wathu wofiirayu, n'kumakanda utoto pang'onopang'ono. Makina opemerera mphepo, amene ambiri amangowatchula kuti bulowa, amakankha madzi osakhudza galimoto. Amatulutsanso madzi obisala m'mbali mwa magalasi oonera kumbuyo, m'zogwirira zitseko, kuzungulira nyale ndi m'malimu, amene amachucha galimoto ikanyamuka n'kusiya mizere.

Kagwiritsidwe kake ndi kotere. Tsukirani pamthunzi, thupi la galimoto litazizira, ndipo tsukuluzani sopo yense. Pansi pakhale pa simenti kapena ponyowa, kuopa kuti mphepo ingadzutse fumbi n'kulibwezera pagalimoto. Yambani padenga, mutsikire ku magalasi ndi zitseko, mumalizire ku matayala, mukukankhira madzi mbali imodzi. Kukamwa kwa makina kusagunde utoto. Madontho otsala apukuteni ndi kansalu kofewa koyera. Timadontho tatsopano pa galasi timachoka ndi viniga wosakaniza ndi madzi, kenaka n'kutsukuluza.

Chenjezo lalikulu ndi la magetsi. Madzi ndi magetsi sizigwirizana: waya wosenda kapena wolumikiza mwachisawawa akagona m'chithaphwi atha kupha munthu. Nthambo ikwezedwe pouma, ndipo wogwira makina avale nsapato za labala.

Si aliyense angagule makinawa payekha. Achinyamata otsukira malo amodzi atha kusonkha, kapena kubwereka ku banki m'khonde, n'kumagwiritsa ntchito mosinthana. Magetsi akazima, mfundo ndi yomweyo: pamthunzi, nsalu yoyera, ndipo madzi asaumire pagalimoto. Mwini galimoto akachoka ikuwala, adzabweranso ndi anzake.