Dzuwa la Masana, Nyale ya Usiku: Werengani Musanagule Sola

Munthu wocokera ku Lusaka akapitirira Chilanga amafika ku Shimabala, pamene pali cipata colipirira galimoto, asanalowe m'tauni ya Kafue. Kutsogoloko mtsinje wa Kafue umatsikira m'cigwa momwe muli makina akuluakulu opangira magetsi: a kumtunda a mamegawati 990, ndi a Kafue Gorge Lower a mamegawati 750 amene anamalizidwa mu 2023. Komabe m'caka ca 2024 mabanja a ku Shimabala, ngakhale ali pafupi cotere ndi makinawo, anadya nsima ya madzulo pa kandulo monga anzao onse m'dziko muno.

Cifukwa cake ncodziwika. Magetsi a Zambia, oposa magawo 80 pa 100 aliwonse, amapangidwa ndi madzi. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anacepa kotero kuti pa makina asanu ndi limodzi a mbali ya Zambia panatsala amodzi okha ozungulira, ndipo pofika Sepitembala nyumba zambiri zinkakhala maola 21 pa tsiku zopanda malaiti. Zonga izi zinacitikanso mu 2015 ndi mu 2019. Ncosadabwitsa tsono kuti mabanja ambiri anayang'ana kumwamba, nayamba kuika mapanelo a sola pa madenga.

Batire ndiye nkhokwe

Panelo limapanga magetsi masana okha, pamene banja limawafuna kwambiri dzuwa litalowa. Ncifukwa cake batire ili ngati nkhokwe: panelo ndi munda, ndipo zimene mudzadye usiku ndi zimene zalowa m'nkhokwemo. Pakati pa ziwirizi pamakhala kontorola, yoletsa batire kudzaza mopitirira, ndiponso invata, yosandutsa magetsi a m'batire kukhala a mavoti 230 amene ziwiya za m'nyumba zimadya. Masiku ano makina ambiri amaphatikiza kontorola ndi invata m'bokosi limodzi.

Anthu ambiri amayamba ndi funso la mtengo. Funso loyamba liyenera kukhala ili: kodi nyumba yathu imadya magetsi oculuka bwanji? Tonse timawadziwa mayuniti amene timagula ku ZESCO. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola lathunthu, ndipo mawati a ciwiya ciliconse amalembedwa kumbuyo kwake.

Titenge banja la ana anai. Mababu 6 a mawati 10 oyaka maola 5 adya mayuniti 0.3. Wailesi yakanema ya mawati 60 kwa maola 4 idya 0.24. Kuchaja mafoni anai kutenga ngati 0.06, ndipo firiji yapakatikati imadya pafupifupi yuniti imodzi pa tsiku. Zonse pamodzi ndi mayuniti 1.6, ndipo oposa yuniti imodzi mwa amenewa adzafunika dzuwa kulibe.

Tsono onani batire. Yamtovu ya mavoti 12 yolembedwa 200Ah imasunga mayuniti 2.4, koma siyenera kutapidwa kupitirira theka. Mukamaikokolola mpaka pansi usiku uliwonse, idzafa msanga. Ndiye kuti muli ndi mayuniti 1.2 okha, ongokwanira usiku umodzi, osatsala kanthu ka tsiku la mitambo la mu Januwale. Batire ya lithium ndi yodula pogula, koma imalola kutapa magawo 80 pa 100 kapena kuposa, ndipo imakhala zaka zambiri kuposa yamtovu. Banja liwerengere pamodzi mtengo wa lero ndi wa kugulanso mawa.

Panelo nalo liwerengedwe. Kuno kwathu dzuwa lamphamvu limakwana ngati maola asanu pa tsiku. Panelo la mawati 450 lingapange mayuniti oposa pang'ono 2, koma ena amatayika m'mawaya, m'kutentha ndi m'fumbi. Banja lathu lija likhala pabwino ndi mapanelo awiri.

Zimene sola yaing'ono singanyamule

Nsimbi ya mawati 1,000 ikasita ola limodzi yatha pafupifupi cuma conse ca batire yamtovu ija. Ketulo, citofu ndi giza zimadya koposa. Kwa iwo amene ali ndi citsime cokumba ndi makina, monga m'mapulazi ang'onoang'ono a kuno, pampu imakoka magetsi oculuka kangapo pa mphindi yoyambira, ndipo invata yaing'ono imazima. Nzeru ndi kupopa madzi m'thanki, kucapa ndi kusita masana dzuwa lili paliwombo, kuti batire isungidwire nyale za ana owerenga ndi firiji. Izi zifunika mgwirizano wa onse: bambo, mai, ana ndi alendo omwe.

Kuika bwino

Popeza dziko lathu lili kum'mwera kwa pakati pa dziko lapansi, mapanelo ayang'ane kumpoto, opendekeka ngati madigiri 15. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango ungacepetse kwambiri magetsi a panelo lonse. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala fumbi limaculuka, makamaka kufupi ndi msewu waukulu; tsukani magalasiwo ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa m'mamawa, asanatenthe.

Safunsa anadya phula. Itanani wamagetsi wokhala ndi zikalata, ndipo mufunse pepala la citsimikizo ca katundu yense. Aike mafyuzi, waya wa kukula koyenera ndi waya wolowa pansi cifukwa ca mphezi za m'dzinja. Ngati nyumba ili kale pa ZESCO, pakhale swici yolekanitsa, kuti magetsi anu asabwerere m'mawaya a kunja ndi kupha munthu amene akukonza pa mtengo akuganiza kuti azimitsidwa. Batire yamtovu imatulutsa mpweya woyaka moto pamene ikudzaza: isakhale m'cipinda cogona kapena pafupi ndi mbaula. Ikatha nchito, ibwezeni kwa ogula mabatire akale. Musaitaye m'dzenje la zinyalala, pakuti mtovu umalowa m'nthaka ndi m'madzi, ndipo umaononga ubongo wa ana, monga anthu a ku Kabwe akudziwira bwino kucokera ku mgodi wao umene unatsekedwa mu 1994.

Amene ali ndi mapanelo ambiri adziwe kuti mu 2024 boma linakhazikitsa malamulo olola nyumba kutumiza magetsi otsala kwa ZESCO kudzera mu mita yapadera; pafunika kulembetsa coyamba. Dziko nalonso likutsata njira ya dzuwa: munda wa mapanelo wa Bangweulu ku Lusaka, wa mamegawati 54, unatsegulidwa mu 2019, ndipo wa ku Chisamba, wa mamegawati 100, mu 2025.

Ndalama za sola kawirikawiri ndi za thukuta la zaka zambiri, penshoni, kapena ngongole. Musanazipereke, khalani pansi ndi banja lonse madzulo amodzi, tembenuzani ciwiya ciliconse, lembani mawati ake ndi maola ake pa pepala. Pepala limenelo mupite nalo kusitolo.